Mbiri ya Honda CG125, Njinga Yamoto Imene Inafika ku Thyolo ndi Mayina Ena

Njinga zamoto zambiri zimene zimayenda m'misewu yodutsa m'minda ya tiyi ya m'boma la Thyolo, kuyambira pa Bvumbwe ndi pa Thunga mpaka ku Makwasa ndi ku Thekerani, zili ndi maonekedwe amene sanasinthe kwenikweni kwa zaka pafupifupi 50: thanki yosachuluka zokongoletsa, chishalo chachitali chathyathyathya, mashoko awiri kumbuyo, ndi injini ya silinda imodzi yooneka yonse popanda chophimba. Ngakhale kuti pa mathanki ake palembedwa mayina osiyanasiyana, zambiri mwa njingazi zinatengera kapangidwe ka njinga imodzi ya ku Japan yotchedwa Honda CG125.

Kodi CG125 ndi njinga yotani, ndipo ikulowa bwanji m'gulu la njinga za maonekedwe achikale zoyendera maulendo?

CG125 ndi njinga yamoto yaing'ono imene kampani ya Honda inayamba kugulitsa m'chaka cha 1975. Nambala ya 125 imanena za kukula kwa injini, ndiko kuti kuchuluka kwa malo amene pisitoni imakankha m'kati mwa silinda ikamakwera ndi kutsika, ndipo malowo amayezedwa m'ma cc. Ya CG125 ndi ma cc 124. Injiniyi imazizira ndi mphepo, mphamvu yake ndi ya mahatchi pafupifupi 11 malinga ndi muyezo umene opanga injini amagwiritsa ntchito, ndipo pa msewu wa tala wosakwera imatha kuyandikira liwiro la makilomita 100 pa ola.

Kumayiko olemera, njinga yoyendera maulendo imakhala yaikulu, yolemera, yokhala ndi galasi lotchinga mphepo ndi mabokosi a katundu m'mbali. CG125 ilibe zonsezo, komabe zimene zimachititsa kuti njinga ipirire ulendo wautali ili nazo: woyendetsa amakhala chowongoka osawerama, chishalo chimakwana anthu awiri mosapanikizana, petulo imamwa pang'ono, ndipo ikawonongeka panjira makaniko wa pa malo ochitira malonda alionse amadziwa poyambira. M'boma la Thyolo, kumene ulendo wochoka ku Thekerani kupita ku Limbe ndi wa ntchito osati wokasangalala, izi ndi zimene zimapatsa njinga ulemu.

Kodi Honda anaipangiranji?

Kampani ya Honda, imene Soichiro Honda anaikhazikitsa mumzinda wa Hamamatsu m'chaka cha 1948, inkakhulupirira kwambiri injini za masitiroko anayi, zimene pisitoni yake imayenda kanayi pa kuyaka kumodzi kwa petulo ndipo oilo amakhala payekha osasakanizidwa ndi petuloyo. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, m'mayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia anthu anayamba kukonda njinga za masitiroko awiri za makampani ena a ku Japan, chifukwa zinali zosavuta kukonza, pamene njinga zing'onozing'ono za Honda zinkafa msanga m'manja mwawo.

M'mwezi wa May 1974 kampaniyo inatumiza akatswiri awiri, Takeshi Inagaki ndi Einosuke Miyachi, kuti akaone okha mmene njingazo zinkagwiritsidwira ntchito ku Thailand, Malaysia, Indonesia, Philippines, Iran ndi Pakistan. Zimene anakaona kumeneko munthu wa ku Thyolo sangazidabwe. Njinga imodzi inkanyamula banja lonse, mwana atakhala pa thanki ndipo mayi ali kumbuyo ndi katundu. Oilo ankatsala mu injini mpaka kulimba. Sefa ya mpweya, imene inali yapepala, inkatsekeka ndi fumbi popanda woisintha. Ndipo njinga inkapita kwa makaniko pokhapokha itakaniratu kulira. Chofunika kwambiri pa mbiriyi n'chakuti akatswiriwo sanabwerere kwawo kukadandaula kuti anthu osauka sadziwa kusamala makina. Iwo anavomereza kuti munthu amene njinga yake ndiyo ikumudyetsa sangaiimike tsiku lathunthu kuti ikonzedwe isanawonongeke, choncho anaganiza zopanga njinga yogwirizana ndi moyo wotero. CG125 inayamba kugulitsidwa ku Thailand m'mwezi wa March 1975, pasanathe chaka chichokereni ulendowo.

Kodi chimene chinasinthidwa mu injini n'chiyani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Injini ya masitiroko anayi imakhala ndi mavalavu, tizitseko tiwiri ta pamwamba pa silinda, kamodzi kolowetsa petulo wosakanikirana ndi mpweya ndipo kena kotulutsa utsi. Chimene chimatsekula tizitsekoti pa nthawi yake ndi kamu, chitsulo chozungulira chokhala ndi linunda mbali imodzi, moti chikamazungulira linundalo limakankha valavu. M'njinga za Honda za m'mbuyomo, monga CB125, kamu inkakhala pamwamba penipeni pa injini, m'chimene amakaniko amatcha hedi, ndipo inkazunguliridwa ndi katcheni kochokera pansi. Kapangidwe kameneka kamalola injini kuthamanga kwambiri, koma kali ndi chofooka chachikulu: kamu imakhala kutali ndi kumene kuli oilo, ndipo oiloyo akakhala wakuda kapena wochepa, kamuyo imadya hedi, imene ndi chiwalo chodula.

Mu CG125 kamu inatsitsidwa pansi, pafupi ndi oilo, ndipo imazunguliridwa ndi magiya m'malo mwa tcheni. Kuchokera pamenepo timitengo tiwiri tachitsulo, totchedwa mapushilodi, timakwera m'mbali mwa silinda kukakankha mavalavu kudzera pa timikono ta pamwamba. Akatswiriwo anachepetsanso ziwalo mwa kuchititsa kuti linunda limodzi lokha la kamu lizitsekula mavalavu onse awiri, iliyonse pa nthawi yake. Zotsatira zake n'zakuti palibe tcheni cha m'kati choti chizikhwefuka, ndipo hedi ingathe kuchotsedwa ndi kubwezeretsedwa popanda kusokoneza nthawi imene mavalavu amatsekukira, chinthu chimene chimapeputsa kwambiri ntchito ya makaniko wokonzera pansi pa mtengo ndi masipanala ochepa.

Kunja kwa injini anasinthanso zina zooneka zazing'ono koma zaphindu. Sefa ya mpweya inakhala yasiponji yochapika, tcheni cha kumbuyo chinatsekeredwa m'chikombole chachitsulo kuti fumbi ndi matope zisachidye, ndipo felemu inalimbitsidwa kuti ipirire katundu. Malipiro a zonsezi analipo ndithu, pakuti injini ya mapushilodi imanjenjemera ndi kuchita phokoso kuposa inzake, ndipo siifika liwiro limene ya kamu yapamwamba imafika. Honda anasankha kutaya liwirolo kuti apeze kukhalitsa, ndipo zaka zimene zapitazi zaonetsa kuti sanalakwitse.

Nanga inafalikira bwanji padziko lonse?

M'chaka cha 1976 Honda anayamba kuipanga mumzinda wa Manaus ku Brazil, kumene katswiri wa mpira Pelé anaonekera m'zotsatsa zake, ndipo inakhala njinga yogulidwa kwambiri m'dzikolo. Ku Brazil komweko, m'chaka cha 1981, kunatuluka CG125 yoyendera ethanol, mafuta ochokera ku nzimbe a mtundu umene ku Malawi amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ku Britain inakhala njinga yophunzirira kuyendetsa, ndipo ku Pakistan kampani ya Atlas Honda inayamba kuipanga m'dziko momwemo.

Kufalikira kumene kunafika mpaka ku Thyolo kunadzera ku China. Honda anachita migwirizano ndi makampani a m'dzikolo, ndipo umodzi mwa migwirizanoyo unabala kampani ya Wuyang-Honda ku Guangzhou m'chaka cha 1992. M'nyengo yomweyo mumzinda wa Chongqing munadzuka makampani monga Lifan, Zongshen ndi Loncin, amene anayamba kupanga injini zambirimbiri zotengera za Honda, ndipo ya CG, chifukwa cha kuchepa kwa ziwalo zake, inali imodzi mwa zosavuta kutengera. Inakulitsidwa kufika ma cc 150 ndi 200, n'kuikidwa m'njinga za mayina osawerengeka komanso m'njinga za mawilo atatu zonyamula katundu, ndipo mtengo wake unatsika mpaka kufika poti mlimi kapena mnyamata wa ku Africa akhoza kuiganizira. Honda mwiniwake anakakamizika kuyankha mpikisanowo, ndipo m'chaka cha 2011 anatulutsa ku Nigeria njinga yotsika mtengo yotchedwa Ace CB125, imene mtundu wake wina unapangidwira onyamula anthu.

Kodi ku Thyolo anthu ankayenda bwanji njingazi zisanafike?

Tiyi anayamba kulimidwa ngati mbewu yamalonda ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo ku Thyolo anafika m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, nthawi imene njanji ya Shire Highlands Railway, yodutsa pa Luchenza, inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Esiteti ya Satemwa inakhazikitsidwa ndi Maclean Kay m'chaka cha 1923, ndipo mayina monga Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi Nchima anakhala mbali ya mapu a bomali. Misewu yambiri ya m'maesiteti inalambulidwa ndi cholinga chimodzi, chofikitsa masamba ku fakitale, chifukwa tiyi wothyoledwa ayenera kufika kokonzedwa pasanathe maola ambiri, apo ayi amatentha m'matumba n'kuwonongeka.

Choncho misewu inalipo, koma sinali yotengera anthu kumene iwo ankafuna kupita. M'nthawi ya atsamunda mzungu poyamba ankanyamulidwa pa machila, kenako anapeza njinga yamoto ndi galimoto, pamene wothyola tiyi, kapitawo ndi munthu wogwira thangata ankayenda pansi, ndipo wopezako bwino ankapalasa njinga yakapalasa m'zitunda zimene zinkam'kakamiza kutsika n'kumakankha. Ngakhale dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, njinga yamoto inakhalabe chizindikiro cha udindo: inali ya mlangizi wa zaulimi, wa zaumoyo, woyendera sukulu, wansembe kapena woyang'anira gawo la esiteti, ndipo kawirikawiri inali ya ofesi osati ya woikwerayo. Kusintha kumene zidzukulu za CG125 zinabweretsa n'kwakuti njinga yamoto inachoka m'manja mwa ofesi n'kufika m'manja mwa munthu wamba.

Kodi njinga iliyonse ya kabaza ya ku Thyolo ndi ya mtundu wa CG?

Ayi. Kabaza, ntchito yonyamula anthu ndi katundu pa malipiro, inayamba ndi njinga zakapalasa, ndipo zamoto zinachuluka m'zaka za m'ma 2010, zina zogulidwa m'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre, zina zolowa kuchokera ku Mozambique, dziko limene lili pafupi kwambiri ndi Thyolo ndi Mulanje. Pa siteji ya kabaza pamapezeka mayina monga Lifo, King Lion ndi San LG, komanso njinga za ku India monga Bajaj Boxer ndi TVS, zimene injini zake zili ndi mbiri yakeyake.

Munthu wofuna kuzisiyanitsa ayang'ane mmene silinda yakhalira. Ngati yagona chopingasa, mutu wake utaloza ku wilo la kutsogolo, injiniyo inachokera ku banja lina la Honda, la Super Cub ya m'chaka cha 1958, ndipo imakhala yaing'ono ndi yosamwa petulo wambiri. Ngati silinda yaima, itapendekera pang'ono kutsogolo, ndipo pamwamba pake pali chivundikiro chimodzi chaching'ono chomangidwa ndi mabawuti ochepa, nthawi zambiri imeneyo ndi ya banja la CG, ndipo m'masitolo a zipangizo ziwalo zake zimaitanidwa ndi zilembo ziwiri zomwezo. Phindu lake kwa mwini njinga ndi lalikulu, popeza pisitoni, gasiketi, kabuleta kapena mbale za kilatchi za dzina lina kawirikawiri zimalowa pa njinga ya dzina lina, moti sitolo yaing'ono ya pa Luchenza kapena pa Goliati ingasunge ziwalo zochepa n'kuthandiza njinga zambiri.

N'chifukwa chiyani kapangidwe kakale kotere kakugwirizana ndi dera la mapiri ngati limeneli?

Boma la Thyolo lili ndi anthu oposa 700,000 malinga ndi kalembera wa m'chaka cha 2018, ndipo popeza malo ambiri athyathyathya ndi achonde ali m'manja mwa maesiteti, midzi yambiri inakankhidwira m'zitunda ndi m'zigwa, kumene minibasi siifika. Wodwala wopita ku chipatala cha Malamulo ku Makwasa, mayi wopita ndi ndiwo zamasamba ku msika wa Bvumbwe, kapena mlimi wamng'ono wa tiyi wonyamula thumba la feteleza, onse amayamba ulendo wawo pa kanjira kopapatiza ka dothi lofiira, kamene kamaterera kwambiri m'nyengo ya mvula ndiponso m'masiku a chiperoni, pamene nkhungu ndi mvula yowaza zimakuta mapiri m'miyezi yozizira.

Pa njira zoterezi injini imene imakoka bwino ikamazungulira pang'onopang'ono imaposa imene imafuna kuthamangitsidwa kuti ipereke mphamvu. Chishalo chathyathyathya chimalola kusuntha katundu kutsogolo kapena kumbuyo mpaka atakhazikika, ndipo mashoko awiri a kumbuyo ndi osavuta kusintha kapena kuwonjezera mphamvu. Wilo la masipoko likagunda mwala limapindika ndipo limawongoleka, pamene lachitsulo choumba limasweka. Kiki, chopondera cholizira injini ndi phazi, imachititsa kuti batire yakufa isathetse ulendo. Namondwe Freddy atawononga misewu ndi milatho m'maboma a kum'mwera m'mwezi wa March 2023, ubwino wina unaonekera poyera, wakuti njinga yolemera makilogalamu ongopitirira pang'ono 100 amuna angapo angathe kuinyamula n'kuiwolotsa pamene galimoto yalephera.

Komabe CG125 sinapangidwire matope. Matayala ake ndi opyapyala, mimba yake ili pafupi ndi nthaka, ndipo mabuleki a dalamu, amene amagwira mwa kukankhira nsapato ziwiri m'kati mwa chitsulo chozungulira, amatentha n'kufooka potsika chitunda chachitali ndi katundu wolemera. N'chifukwa chake mabungwe amene ali ndi ndalama amasankha njinga zazitali zopangidwira kumunda, monga Yamaha AG200, imene bungwe la Riders for Health lakhala likugwiritsa ntchito m'mayiko angapo a mu Africa pa ntchito za umoyo. Njinga yotereyi imaposa CG m'matope, koma mtengo wake mnyamata wa kabaza sangaufikire.

Kodi pali ubale wanji ndi njinga zotchuka za maonekedwe achikale monga Royal Enfield?

Ubale wake ndi wa maonekedwe okha. Royal Enfield Bullet, imene dzina lake linayamba ku England m'chaka cha 1932 ndipo inayamba kupangidwa ku Madras ku India kuchokera pa mgwirizano wa m'chaka cha 1955, inapitirira kupangidwa ku India fakitale ya ku Redditch itatsekedwa m'chaka cha 1967, ndipo pambuyo pake kampaniyo inatulutsa mtundu wotchedwa Classic, wokonzedwa dala kuti uzikumbutsa zakale. Chimodzimodzinso Triumph Bonneville ya m'chaka cha 1959 inaukitsidwanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ogula njinga zimenezi amalipirira chikumbutso. Wogula njinga ya mtundu wa CG ku Thyolo sakukumbukira chilichonse. Maonekedwe ake ndi akale chifukwa chakuti mavuto amene anachititsa kuti ipangidwe chomwecho, a misewu yoipa, katundu wambiri ndi ndalama zochepa, akadalipo.

Popeza inapangidwa kuti izipirira, kodi ndiye kuti sifuna chisamaliro?

Maganizo amenewa ndi amene amapha njinga zambiri zisanabweze ndalama zimene zinagulidwira. Injini ya CG imasunga oilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oilo yemweyo amatumikira injini, magiya ndi kilatchi, choncho amada msanga, makamaka pa njinga yogwira ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka usiku m'fumbi la m'chilimwe. Ilibe sefa ya oilo yotaya n'kugula ina. Ili ndi kasefa ka waya kuseri kwa chotsekera cha pansi, ndi chikho chozungulira m'kati mwa chivundikiro cha kumanja chimene chimaponyera zinyalala m'mbali mwake, ndipo zonsezi zimafuna kutsukidwa. Mpata wa mavalavu, umene pa CG125 ya Honda ndi mamilimita 0.08 injini itazizira, umafunanso kuyezedwa nthawi ndi nthawi, pakuti ukachepa valavu imapsa, ndipo ukakula injini imachita phokoso n'kuchepa mphamvu.

Tiyeneranso kunena mosabisa kuti kutengera kapangidwe sikutanthauza kutengera chitsulo. Njinga zotsika mtengo zimasiyana kwambiri pa kulimba kwa mabawuti, mabeling'i, mawaya a magetsi ndi utoto, moti zina zimafuna kumangidwa mabawuti pafupipafupi chifukwa cha kunjenjemera kwa injini. Vuto limakula pamene njinga ndi ya bwana ndipo woyendetsa ayenera kupereka ndalama yoikika tsiku lililonse, chifukwa aliyense wa awiriwa amayembekezera kuti mnzake ndiye agule oilo.

Nanga za ngozi, kodi cholakwa ndi njinga?

Zipatala zikuluzikulu za m'dziko muno, kuphatikizapo Queen Elizabeth ku Blantyre, zakhala zikudandaula za kuchuluka kwa anthu othyoka mafupa ndi ovulala m'mutu pa ngozi za kabaza, ndipo nkhani imeneyi siiyenera kupeputsidwa ndi aliyense amene amayamikira njingazi. Akatswiri a Honda anapanga injini yopirira oilo wakuda ndi felemu yopirira katundu, koma mabuleki ndi matayala zili ndi malire amene luso la woyendetsa silingawasunthe, ndipo anthu atatu kapena anayi pa njinga imodzi potsika zitunda za ku Thekerani amakhala atadutsa malirewo. Malamulo amafuna kuti njinga ilembetsedwe ku nthambi ya boma yoona za pamsewu, ikhale ndi inshuwalansi, woyendetsa akhale ndi laisensi ya A1 ngati injini siiposa ma cc 125 kapena ya A ngati ikuposa, ndipo iye ndi wonyamulidwa avale zipewa zodzitetezera. Ambiri amalephera kukwaniritsa izi chifukwa cha mtengo ndi kutalika kwa kumene ntchitozi zimachitikira, ndipo njira yanzeru ndi yofikitsa maphunziro ndi kulembetsa pafupi ndi masiteji, m'malo mongodalira kulanda njinga, chifukwa njinga yolandidwa imasiya banja lopanda chakudya komanso mudzi wopanda chotengera wodwala usiku.

Kodi CG125 yeniyeni ikupangidwabe?

Ku Ulaya inasiya kugulitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, ndipo m'malo mwake munalowa CBF125, pamene malamulo oletsa utsi woipa anali kukhwima. Ku Brazil zilembo za CG zinapitirira, koma njingayo inakula kufika ma cc 150 m'chaka cha 2004 ndi 160 m'chaka cha 2015, ndipo injini yake inabwerera ku kamu yapamwamba. Imene yatsala pafupi kwambiri ndi ya mu 1975 ndi ya Atlas Honda ku Pakistan, imene chaka ndi chaka imasintha kwambiri zomata za pa thanki kusiyana ndi zamkati, pamodzi ndi injini zochokera m'mafakitale a ku China zimene zimatumizidwa ku Africa, ku Asia ndi ku South America.